Kujambula vidiyo pa Kilimanjaro ndi foni yomwe muli nayoyo

Anthu akhala akundifunsa kuti amwene vidiyo ya ku Tanzania ija munajambula ndi kamera yanji, ndiye ndati ndingoyankha kamodzinkamodzi. Kamera yaikulu panalibe. Inali foni basi, ndi ka GoPro, kakamera kakang'ono ka m'manja, kobwereka kwa alamu anga a ku Chilomoni komwe kanangogwira ntchito masiku awiri chifukwa chaja yake ndinaisiya pa tebulo kunyumba kkkk. Paphiri paja sizitengera kuti chida chanu munagula ndalama zingati, chimene chimakuvutitsani ndi kuzizira, mphepo komanso kutopa.

Musanaganize zodula tikiti yesani kaye konkuno. Loweruka lina kwerani Michiru kapena Soche chikwama chodzadza chili kumsana, muzijambula mukuyenda, mukafika kunyumba muonere. Mudzadabwa kumva mmene mukupumira ngati ng'ombe yokoka ngolo, chithunzi chikugwedezeka moti woonera chizungulire chimupeza. Kenako pitani ku Mulanje, muyambire pa Likhubula, mukagone ku Chisepo, mmawa mukwere Sapitwa. Sapitwa ndi mamita 3,002, Uhuru Peak, pamwamba penipeni pa Kilimanjaro, ndi 5,895, ndiye mukuona nokha kuti ndi pafupifupi kawiri. Chomwe chakukanikani ku Mulanje, ku Kilimanjaro chikakulizani.

Nkhani yaikulu ndi batire abale. Ife tinadzera njira ya Machame, masiku 7, kugona m'matenti, soketi simuiona mpaka mutatsika. Ndinatenga ma power bank awiri a 20,000mAh ndipo anakwana, koma chifukwa choti foni imakhala pa airplane mode tsiku lonse, sikirini nditaichepetsa kuwala. Kuzizira kumamwa batire ngakhale simukuigwiritsa ntchito, ndiye usiku foni ndi ma power bank muzilowa nazo mu sleeping bag, muzigona nazo ngati mwana wakhanda. Ngati mukupita pa ndege ma power bank amakhala m'chikwama cha m'manja osati chopakira kunsi. Chabwino nchoti ku Moshi, tauni ya m'munsi mwa phirili, masoketi ambiri ndi a mapini atatu ngati athu omwewa, ndiye usiku womaliza ku loji tchajani chilichonse chidzadze.

Pano ndi pomwe ndinalakwitsa ine. Tsiku lokafika pamwamba mumanyamuka ku Barafu, kampu yomaliza musanafike pamwamba, cha pakati pa usiku, mdima uli bii, aliyense tochi pamphumi, kuzizira koti madzi a m'botolo amayamba kuundana. Foni ndinaiika m'thumba lakunja la jekete kuti ndiziitulutsa msanga. Tikufika pa Stella Point, kutatsala pang'ono kufika pamwamba penipeni, dzuwa likutuluka kumene, mitambo ili pansi pathu yofiira ngati moto, ndikuti ndijambule, foni yazima zii, pomwe ndinachoka pa tenti ili yodzadza. Ndinatsala pang'ono kulira. Wotitsogolera uja anangoseka, akuti iike kukhwapa mkati mwa malaya, patapita mphindi zingapo inayakadi koma kutuluka kwa dzuwa kuja kunali kutapita. Ndiye inu foni muziisunga m'thumba lamkati pafupi ndi thupi, kuitulutsa, kujambula, kuibweza pompo. Komanso ndi magolovesi sikirini simva, phunzirani kuyambitsa vidiyo ndi batani la voliyumu, mafoni ambiri amalola zimenezo, chifukwa kuvula golovesi kumtunda kuja zala zimachita dzanzi nthawi yomweyo.

Mawu nawonso, eeh. Theka la zomwe ndinalankhula pa Shira, malo athyathyathya a m'mwamba pa phirili, sizikumveka, ndi mphepo yokhayokha kuti fuuu. Mukafuna kulankhula fulatirani mphepo kapena bisalani kuseri kwa mwala, pa maiki muphimbe ndi kasiponji kapena kansalu ka ubweya, ngakhale sokosi yoyera imathandiza. Koma njira yomwe inandiyendera bwino ndi yolankhula madzulo mu tenti, kufotokoza za tsikulo mutu ukuwawa, milomo itang'ambika, mawu amenewo nkudzawaika pamwamba pa zithunzi pokonza. Amamveka enieni kuposa zoyankhula mutabwerera ku Blantyre mutakhuta nsima.

Pojambula foni muziigoneka chopingasa ngati vidiyo ndi ya pa YouTube, ndipo mukaloza chinthu imani nji muwerenge mpaka 10 musanasiye. Zoom isiyeni. Galasi la kamera muzilipukuta pafupipafupi, fumbi la kumtunda ndi nkhungu ya m'nkhalango ya tsiku loyamba zimapangitsa chithunzi kuoneka ngati kuli chiperoni. Zija zoika foni pamwala, inu nkudutsa ngati simukudziwa, kenako kubwerera kukaitenga, zimakoma poonera koma zipangeni masiku awiri oyamba mphamvu zikadalipo. Mukadutsa Lava Tower, chimwala chachitali cha kumtunda m'njiramo, masitepe 20 obwerera mmbuyo mumawamva mpaka mumtima, anthu akumeneko samangonena pole pole (pang'onopang'ono) pachabe.

Ndipo musamangojambula mapiri okhaokha, pakatha mphindi ziwiri woonera atopa nawo. Mbali yomwe anthu anaikonda kwambiri mu vidiyo yanga ndi ya pa Barranco Wall, chikhoma cha miyala chomwe mumakwera m'njiramo, anyamata onyamula katundu akutidutsa ife tikukwawa ndi manja ndi miyendo, iwo chimtolo pamutu, wina kawailesi kakulira m'thumba. Ina ndi ya wophika akupanga phala mu tenti nthunzi ili tolotolo. Koma pemphani kaye, naomba kupiga picha (ndikupempha kujambula) ndi mawu ochepa a Chiswahili oti mutha kuloweza muli m'basi, ndipo wina akakana musiyeni, ali pantchito munthuyo. Pa boda ya Songwe, pa ma roadblock, pamene pali apolisi kapena asilikali foni ikhale m'thumba, musadziputire milandu m'dziko la eni. Drone ndiye ingosiyani kunyumba, mu paki muja siuluka popanda chilolezo ndipo mapepala ake si a tsiku limodzi.

Za 4K, kujambula kwa chithunzi chooneka bwino kwambiri kuja, ine ndimati ayi pokhapokha ngati muli ndi malo ambiri, imadya memori ndi batire yomwe, 1080p ikukwanira bwinobwino. Madzulo aliwonse fufutani zomwe zaonongeka, koma musakhalitse mukuonera, batire ija mukuidya. Mukangotsika ku Moshi kopani zonse pa flash kapena pa foni ya mnzanu musanakwere basi, ulendo wobwerera ndi wautali ndipo foni imagwa, imabedwa.

Kukonza ndinapangira pa app ya CapCut pa foni yomweyo, kungotsata masiku mmene anayendera, maola pafupifupi atatu a zojambula ndinatsala ndi mphindi 12. Kudula kumawawa chifukwa kachidutswa kalikonse mumakumbukira mmene munavutikira, ndiye ndinampatsa mlongo wanga aonere kaye, paliponse pomwe anayamba kuyang'ana kumbali ndinadula. Poikweza pa intaneti dikirani usiku ndi bandulo yokwanira, foni ili pa chaja, yanga inaduka kawiri magetsi atathima ndinayambiranso.