Mmene ndinathetsera kupweteka kwa khosi pochita Pilates

Pa masewero onse olimbitsa thupi a Pilates, amene Joseph Pilates, wobadwira ku Germany mu 1883, anatisiyira, amene ankandivutitsa ndi aja otchedwa Hundred. Umagona chagada pamphasa, kudzutsa mutu ndi mapewa, kukweza miyendo, kenako kumagwedeza manja m'mwamba ndi pansi ka 100: kasanu ukukoka mpweya, kasanu ukuutulutsa. Ine ndisanafike n'komwe pakati, khosi linkakhala litauma gwa, pamimba osamvapo kanthu.

Gwero lake ndi ili: minofu ya pamimba ikakhala yofooka, ya m'khosi ndiyo imasenza mutu wonse. Ndipo mutu wa munthu wamkulu si wopepuka, umalemera pafupifupi makilogalamu 5.

Ndinayamba ndi kupinda mawondo, mapazi ali pansi, kuti msana usamanyamuke pamphasa. Koma chimene chinasintha zinthu kwenikweni ndi kadzutsidwe ka mutu. Ndimayamba ndatulutsa mpweya, nthiti zam'munsi n'kutsikira ku mchombo, ndiye mutu umangotsatira m'mbuyo, osati kutsogola. Maso amayang'ana ntchafu, osati denga, ndipo pakati pa chibwano ndi chifuwa pamatsala mpata wokwana lalanje. Masiku oyamba ndinkayala thaulo kunsi kwa mutu n'kugwira nsonga zake, manja osagwedeza, kuti ndingozolowera kupumako.

Khosi likayamba kudandaula ndimagoneka mutu pansi n'kupitiriza kuwerenga. Ena amati kumeneko n'kubera. Ine ndimaona kuti pamimba pakugwirabe ntchito. Pano miyendo ndimaikweza, koma mawondo akadali opinda.