Export ikafera panjira: yambani ndi pomwe yaimira

Export (kutulutsa vidiyo yomwe mwakonza kukhala fayilo imodzi) ikakana, musathamangire kufufuta pulogalamu n'kuiikanso. Choyamba lembani pomwe yaimira. Pulogalamu yokonzera vidiyo ya Premiere Pro ikalemba "Error compiling movie", kawirikawiri imaonetsanso timecode (ola, mphindi ndi sekondi ya m'vidiyomo) ya pamene yakodwa. Yambitsaninso export, muone ngati iimenso pomwepo kapena pena. Zimenezi n'zomwe zikuuzeni koyang'ana.

Ikaima malo omwewo kawiri, vuto lili pa timeline, pomwe mwandandalika ma clip (zidutswa za vidiyo) anu. Ikani In ndi Out (zizindikiro za poyambira ndi pothera) masekondi 10 kumbuyo ndi kutsogolo kwa timecode ija, mutulutse kachidutswa kokhako kuti musamadikire ola lathunthu poyesa. Zimitsani ma effect imodziimodzi, kuyambira zolemera monga Warp Stabilizer, noise reduction ndi ma plugin ochokera kwina. Ikakanabe, kayikirani clip yeniyeniyo. Nthawi zambiri imakhala yojambulidwa pafoni kapena ya screen recording, chifukwa zoterezi zimabwera ndi variable frame rate: sekondi iyi mafelemu 30, inayo 27, pomwe pulogalamu imafuna chiwerengero chosasintha. Pulogalamu ya MediaInfo imaonetsa zimenezi pamzere wa Frame rate mode. Tsegulani clip ija mu HandBrake, pulogalamu yosinthira mafayilo a vidiyo, pa Video musankhe Constant Framerate ndi 25 kapena 30 molingana ndi sequence yanu, kenako mu Premiere Pro mugwiritse ntchito Replace Footage kuika yatsopanoyo m'malo mwa yakale. Clip yomwe inakopedwa mosamaliza kuchokera pa memory card imachitanso chimodzimodzi. Imeneyo ikopeninso ngati khadi lisanafufutidwe.

Ikamaima malo osiyanasiyana, ndiye kuti makina ndiwo akulemedwa. Mu Premiere Pro, pa Encoding Settings sinthani Hardware Encoding kukhala Software Encoding. Zitenga nthawi yaitali, koma zikamaliza mwadziwa kuti vuto ndi graphics card kapena driver yake. Pa NVIDIA ikani Studio Driver, osati Game Ready. Laputopu ikhale pamagetsi komanso patebulo louma. Pabedi, bulangeti limatseka mabowo a mphepo, makina n'kutentha mpaka kuzima okha.

Pali cholakwika china chomwe chimapweteka chifukwa n'chopeweka. Fulashi kapena hard drive yofomatidwa ngati FAT32 silandira fayilo imodzi yoposa 4 GB. Pa bitrate (kuchuluka kwa data pa sekondi) ya 20 Mbps, mphindi imodzi imadya 150 MB, ola limodzi 9 GB, choncho vidiyo ya ukwati imagunda malirewo isanafike theka la ola. Tulutsirani pa SSD ya m'kompyuta, mukope pambuyo pake. Fulashiyo muisinthe kukhala exFAT kapena NTFS, koma sungani kaye zomwe zilimo, popeza kufomata kumafufuta zonse. Onaninso ngati drive C: siinadzaze ndi cache (mafayilo ongoyembekezera omwe pulogalamu imasunga): mu Premiere Pro pa Preferences, Media Cache, dinani Delete.

Mu DaVinci Resolve, pulogalamu ina yokonzera vidiyo, pa Preferences, User, UI Settings pali kabokosi ka "Stop renders when a frame or clip cannot be processed". Mukachotsa chizindikiro pamenepo render (export) imafika kumapeto, koma felemu yoonongeka ija sichira, imangolumphidwa kapena kutuluka yolakwika. Musapereke fayilo yotere kwa mwiniwake musanaonere malo amenewo ndi maso anu.

Vidiyo yaitali muigawe m'zidutswa za mphindi 20, mutulutse chilichonse ngati ProRes 422 kapena DNxHR (mitundu ya fayilo yosunga bwino ubwino wa chithunzi), kenako muzilumikize pa timeline yatsopano n'kutulutsa fayilo ya MP4 (H.264) kamodzi. Kawirikawiri MP4 imalemba ndondomeko ya mafelemu ake kumapeto kwenikweni, ndiye magetsi akathima pa 90%, fayilo yonse sitseguka. Mukagawa, mumangobwereza chidutswa chimodzi chokha. Mafayilo a ProRes ndi aakulu, pafupifupi 1 GB pa mphindi pa 1080p, choncho siyani malo okwanira musanayambe.