Momwe Mungaonere Mafilimu Akale a ku India Osagwa Ulesi

Anthu ambiri amene amasiyira panjira mafilimu akale a ku India amakhala kuti alakwitsa chimodzi mwa ziwiri: ayamba ndi filimu yovuta kwambiri, kapena apeza kope loipa. Vuto la kope ndiye lofala, choncho tiyambire pomwepo.

Mafilimu ambiri a m'ma 1950 ndi 1960 anajambulidwa pa chithunzi cha 4:3, chokhala ngati bokosi. Pa TV ya masiku ano chithunzicho chiyenera kusiya mizere yakuda kumanzere ndi kumanja. Chikadzaza sikirini yonse, ndiye kuti wina wachitambasula kapena wadula pamwamba ndi pansi. Njira yachangu yodziwira ndi kuyang'ana chinthu chozungulira, monga tayala la ngolo kapena mbale. Chikaoneka ngati dzira, sinthani TV kukhala pa 4:3, ndipo zikakanika sakani kope lina. Alipo ochepa amene ndi otambalala mwachibadwa, monga Kaagaz Ke Phool ya Guru Dutt ya 1959, yoyamba ku India kujambulidwa mu CinemaScope. Imeneyo ikadzaza bokosi la 4:3 ndiye kuti yadulidwa m'mbali, ndipo anthu awiri amene ayenera kuonekera limodzi mumangoona mmodzi ndi phewa la mnzake.

Kenako fananitsani kutalika kwake. Pather Panchali imatha maola awiri ndi mphindi zochepa, Pyaasa pafupifupi maola awiri ndi theka, pomwe Sholay ndi Mughal-e-Azam zimapitirira maola atatu. Kope likaperewera ndi mphindi zosakwana khumi, musadandaule: ndi zotsatira za ma DVD a PAL amene amathamangitsa zithunzi 25 pa sekondi m'malo mwa 24. Koma likaperewera ndi mphindi 20 kapena 30, achotsamo nyimbo kapena zigawo zathunthu.

Polemba dzina la filimu pa intaneti, wonjezani mawu akuti restored. Amene amakonza mafilimuwa ndi odziwika: Criterion Collection, Film Heritage Foundation ya ku Mumbai, ndi National Film Archive of India ya ku Pune, imene inakhazikitsidwa mu 1964. Kusiyana kwake si kwamasewera. Manegativi (makope oyambirira ochokera mu kamera) a mafilimu atatu a Satyajit Ray onena za mnyamata Apu, kuphatikizapo Pather Panchali, anapsa pa moto umene unabuka ku labotale ina ku London mu 1993. Zotsalazo zinasungidwa ndi Academy Film Archive, ndipo akatswiri a ku Bologna anazifewetsa n'kuzikonza chidutswachidutswa mpaka mafilimuwo anatulukanso mu 2015. M'makope akale, usiku wa mphepo ndi mvula mu Pather Panchali umangooneka mdima bii. M'kope lokonzedwalo mumaona nyale ikuphethira, chitseko chikugwedezeka, ndi nkhope ya mayi amene akudikirira mwana wodwala.

Pa TV penipenipo, pa makonzedwe a chithunzi, sankhani Cinema kapena Movie, ndipo muzimitse motion smoothing, imene Samsung amaitcha Auto Motion Plus ndipo LG amaitcha TruMotion. Imeneyi imapeka zithunzi zowonjezera pakati pa zenizeni, ndipo filimu imaoneka ngati sewero la pa TV. Zimitsani magetsi a m'chipinda. Filimu yakuda ndi yoyera imadalira mithunzi, ndipo babu la pamwamba limaichotsa yonse. Ngati mukudalira bandulo, tsitsani pa 720p. Zimakwana, ngakhale filimu imodzi imatha kudya 1GB kapena kuposa.

Tsopano poyambira. Musathamangire kuchiyambi cha mbiri. Raja Harishchandra ya Dadasaheb Phalke ya 1913 inatsala zidutswa zokha, ndipo Alam Ara ya 1931, yoyamba ku India kukhala ndi mawu, inatayikiratu. Yambani m'ma 1950, ndipo yambani ndi za nyimbo za ku Bombay (masiku ano Mumbai) chifukwa nkhani zake zimakoka msanga. Do Bigha Zamin ya Bimal Roy ya 1953 ndi yabwino kutsegulira: mlimi wa ngongole apita ku Calcutta kukakoka rikisho (ngolo yonyamula anthu) kuti awombole kamunda kake. Tsatizani ndi Pyaasa ya 1957.

Apa pali cholakwa chimene pafupifupi aliyense amachita, chodumpha nyimbo. M'mafilimu a Guru Dutt, Raj Kapoor ndi Mehboob Khan, nyimbo ndi pamene munthu amanena zimene sangazinene pokambirana. Mu Pyaasa mawu a nyimbo analemba ndi mlakatuli Sahir Ludhianvi, ndipo mkwiyo wonse wa filimuyo uli m'menemo. Tsoka lake n'lakuti ma subtitle ambiri amangoti zii nyimbo ikayamba. Musanakhale pansi, dumphirani pa nyimbo imodzi muone ngati mawu akulembedwa pansi. Ngati ayi, sakani fayilo ina ya ma subtitle, yotchedwa SRT. Ikakhala kuti ikutsalira kapena kutsogola, pa pulogalamu yoonetsera mafilimu ya VLC dinani G kapena H mpaka igwirizane ndi milomo. Dziwaninso kuti woimba si amene mukumuonayo. Mawuwo ndi a anthu monga Mohammed Rafi, Geeta Dutt ndi Lata Mangeshkar, ojambulidwa padera. Makope okhala ndi DJ wotanthauzira mu Chichewa, amene tinawazolowera m'mavidiyo, amathandiza pa mafilimu a nkhondo, koma apa amakwirira nyimbo ndi bata lomwe.

Mukazolowera, wolokerani ku Bengal. Onerani mafilimu atatu a Apu aja, Pather Panchali ya 1955, Aparajito ya 1956 ndi Apur Sansar ya 1959 motsatizana, imodzi pa tsiku. Mulibe kuvina, ndipo theka la ola loyamba limaoneka ngati palibe chikuchitika. Pirirani. Ray akukuphunzitsani kaye bwalo la nyumbayo, agogo opindika msana ndi zipatso zimene Durga, mlongo wake wa Apu, amaba, kuti zikadzachoka mumve kusowa kwake. Nyimbo zake anaimba ndi Ravi Shankar. Pambuyo pake tengani Mahanagar ya 1963 ndi Charulata ya 1964, imene ambiri mwa ife timaiona ngati yosalala kuposa zonse zimene Ray anapanga.

Ritwik Ghatak mumuonere mukatha Ray, ndipo musanamuonere werengani pang'ono za kugawidwa kwa India mu 1947, pamene Bengal anadulidwa pawiri ndipo anthu mamiliyoni anasamuka. Meghe Dhaka Tara ya 1960 ndi ya banja la othawa kwawo limene likudyera mwana wamkazi mmodzi mpaka kumutha. Mukamva kulira kwa chikwapu pomwe palibe akukwapulidwa, si vuto la sipika. Ghatak anaikamo dala, choncho gwiritsani ntchito mahedifoni.

Zaka za m'ma 1970 ndi za gulu limene limatchedwa Parallel Cinema, lomwe linakula ndi ngongole za Film Finance Corporation ya boma komanso ophunzira a sukulu ya mafilimu ya ku Pune. Bhuvan Shome ya Mrinal Sen ya 1969 ndiyo imawerengedwa ngati chiyambi chake, ndipo ndi yoseketsa. Shyam Benegal ndi wosavuta kutsatira: Ankur ya 1974, kenako Manthan ya 1976, imene ndalama zake anasonkha ndi alimi a mkaka 500,000 a ku Gujarat, aliyense marupi awiri. Mani Kaul musiyeni komalizira. Mu Uski Roti anthu amalankhula mopanda kukweza kapena kutsitsa mawu, ndipo woyamba kumene amagona.

Musaiwale kummwera, chifukwa India si Chihindi chokha. Ku Kerala, m'chinenero cha Malayalam, kuli Elippathayam ya Adoor Gopalakrishnan ya 1981, ya mwini malo waulesi amene nyumba ya makolo ake yasanduka msampha wa khoswe, ndi Kummatty ya G. Aravindan ya 1979, imene mungaonere ndi ana. M'chinenero cha Kannada muli Ghatashraddha ya Girish Kasaravalli ya 1977. Pamenepa chenjerani ndi makope amene mawu ake anawasinthira m'Chihindi; onetsetsani chinenero filimu isanayambe.

Mafilimu aatali a ku Bombay anapangidwa ndi malo opumira pakati, ndipo nthawi zambiri pamalembedwa Interval kapena Intermission. Imani pomwepo, osati pena paliponse, chifukwa olemba ankaika chinthu chachikulu mphindi zochepa asanafike pamenepo. Ndipo pa Mughal-e-Azam ya 1960 pali makope awiri: loyambirira, lakuda ndi loyera lokhala ndi zigawo zochepa za mitundu, ndi lina limene analipaka mitundu lonse pa kompyuta mu 2004. Yambani ndi loyambiriralo, kuti kuvina kwa m'nyumba ya magalasi kukafika mu mitundu yake mukuone monga anakuonera anthu a mu 1960.