Momwe mungaphunzitsire ana za kansomba kogona mumchenga

Ana athu ambiri kuno ku Mulanje sanaionepo nyanja ya mchere, ndiye phunziro la zamoyo za m'menemo limangothera pobwereza zolembedwa pabolodi. Komatu kalipo kansomba kena kamene moyo wake mungauonetse ndi beseni, mabotolo ndi mchenga wa mumtsinje. Dzina lake ndi sandeel. Kamachuluka m'nyanja yozizira ya North Sea, pakati pa Britain, Denmark ndi Norway, makamaka pamalo osaya otchedwa Dogger Bank. N'kowonda, kotalika masentimita 10 mpaka 20, mimba yoyera mbuu, msana wobiriwirako. Tingoti usipa wotalikirapo. Usiku kamagona m'kati mwa mchenga, ndipo nyengo yozizira kamatha miyezi kali momwemo.

Choyamba, sonkhanitsani zipangizo: beseni, mabotolo awiri aakulu apulasitiki, timabotolo tiwiri ting'onoting'ono tokhala ndi zitsekerero, tinsalu tiwiri, chingwe, kapu ndi mapensulo. Mchenga ukhale wokhakhala, wa pamene madzi amathamanga, kaya pa Likhubula, Lichenya kapena Ruo. Tapaninso matope a m'dambo m'chitini. Kumtsinjeko pitani nokha aphunzitsi, musatume ana. Mitsinje yochokera m'phiri imadzaza mwadzidzidzi mvula ikagwa kumtunda, ngakhale kunsi kuno dzuwa likuswa mtengo. Mchengawo muutsuke mpaka madzi otsukira ayere.

Kenako onetsani thupi la nsombayo. Thirani mchenga m'beseni, madzi pamwamba pake. Mwana wina abaye mchengawo ndi pensulo yosasongola, kenako ndi yosongola, pomaliza ndi yosongola yomweyo koma akuigwedeza uku ndi uku. Adzamva yekha m'zala kuti yachitatuyo ikulowa mosavuta. Pamenepo afotokozereni kuti sandeel ali ndi mutu wosongoka, chibwano cham'munsi chotalika kuposa cham'mwamba, ndipo alibe zipsepse za kumimba zoti zimukole. Amatsogoza mutu, thupi likuphiriphitha, kuphethira kamodzi wasowa.

Ponyaninso m'madzi timabotolo tiwiri tija, kena kopanda kanthu, kena kodzaza mchenga. Nsomba zambiri, chambo chomwe, zili ndi thumba la mpweya m'mimba lozithandiza kuyandama. Sandeel alibe. Akasiya kusambira amamira, n'chifukwa chake kopumulira kwake ndi pansi.

Tsopano gawo limene ine ndimaliona kuti ndiye phunziro lenileni, ndipo musalithamangitse. Dulani mabotolo aakulu aja kumatako, mumange kansalu kukamwa kwa lililonse, muwazondotse. M'botolo loyamba ikani mchenga wotsuka wokhawokha. M'lachiwiri ikani mchenga womwewo, koma wosakaniza ndi matope odzaza manja awiri. Ana awiri athire kapu imodzi ya madzi m'botolo lililonse nthawi imodzi, ena onse akuwerenga mokweza. M'loyamba madzi adzatsika chuu, kansalu kakuchucha. M'lachiwiri adzaima pamwamba, ofiirira, kunsi kukungodontha kadontho apa ndi apo.

Musafulumire kupereka yankho. Afunseni: nsomba yokwiririka mumchenga ikupuma bwanji? Asiyeni akangane. Ena adzati sipuma, ena adzati imasiya mphuno kunja. Zoona zake n'zakuti pakati pa timiyala ta mchenga pali timipata todzaza madzi, ndipo kansombako kamakoka madzi amenewo ndi kukamwa, n'kuwadutsitsa m'ziwalo zopumira za m'mbali mwa mutu. Matope akatseka timipatato madzi atsopano salowa, mpweya umatha. Choncho sandeel amapewa pansi pa matope, amasankha mchenga woyera wotsukidwa ndi mafunde, ndipo akakhazikika pamalo sapita kutali. Malowo akawonongeka, kusamuka n'kovuta. Mwana amene waona botolo lachiwiri likulephera kudontha safunanso kuloweza zimenezi.

Za chaka chake jambulani mwachidule pabolodi. Kuyambira cha mu Epulo mpaka pakati pa chaka, masana amatuluka m'magulu aakulu kukadya tizilombo ting'onoting'ono toyandama m'madzi, n'kunenepa. Kukayamba kuzizira amakwiririka, akudalira mafuta a m'thupi. Amatulukako pang'ono cha mu Disembala ndi Januwale kukaikira mazira, amene amamatirira ku mchenga. Apa ana amasokonezeka, ndiye akumbutseni kuti Disembala wa ku Ulaya ndi wa chisanu choopsa, pomwe kuno tili kalikiliki kupalira.

Mukatero atulutseni pabwalo ndi chingwe. Mmodzi aime pakati, akhale sandeel. Ena akhale mbalame za m'nyanja zotchedwa puffin ndi kittiwake, zimene zimadyetsa anapiye awo kansombaka. Ena nsomba zikuluzikulu monga cod, ena anangumi. Aliyense agwire chingwe chochokera kwa wapakatiyo, ndipo iye akachisiya onse aone zingwe zawo zikugwa. Zimenezi si nthano ayi. Zombo, makamaka za ku Denmark, zakhala zikukokolola sandeel kukapanga mafuta ndi chakudya cha ziweto ndi cha nsomba zoweta, ndipo mu Malichi 2024 Britain idaletsa usodzi umenewu m'madzi ake a ku North Sea pofuna kuteteza mbalame ndi zamoyo zina zodalira kansombaka.

Sandeel kuno kulibe, koma funso la botolo lachiwiri ndi lathu lomwe. Tonse tidaona mmene namondwe Freddy adakwiririra mitsinje ndi matope mu Malichi 2023, ndipo chaka chilichonse dothi la m'minda yolimidwa mpaka m'gombe limatsikira mu Thuchila ndi mu Ruo, n'kukathira mu Shire ku Chiromo. Nsomba, nkhanu ndi tizilombo ta pansi pa mitsinje yathu nazonso zimadalira timipata ta pakati pa mchenga ndi miyala. Choncho pomaliza apatseni ntchito ya chaka chonse. Mvula ikagwa, tungani madzi a mumtsinje wapafupi m'botolo loonekera m'kati, muliike pawindo usiku wonse, m'mawa ana ayeze ndi rula matope amene adikha pansi, alembe m'kope pamodzi ndi tsiku lake. Mudzatungenso pamalo omwewo mu Ogasiti, ndipo ngati n'kotheka botolo lina lichokere kumtunda kumene mitengo idakalipo.