Munthu akagwiriridwa, yambani mwapita kuchipatala

Pa ntchito yanga yoyenda m'midzi, chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi kuchedwa. Mtsikana agwiriridwa Lolemba madzulo, amayi ake amva Lachiwiri, kenaka nkhani ipita kwa atsibweni, ankhoswe akhala pansi, wina athamangira kwa amfumu. Podzafika kuchipatala ndi Loweruka, nthawi ya mankhwala itadutsa kale.

Mankhwala oteteza ku kachirombo ka HIV, otchedwa PEP, amagwira ntchito ngati munthu wayamba kumwa pasanathe maola 72, ndiye kuti masiku atatu, ndipo amamwedwa kwa masiku 28 osadumphitsa. Kuyamba tsiku lomwelo ndiye kwabwino koposa. Mapiritsi olera a pangozi ali ndi malire a masiku asanu. Kuchipatala cha boma thandizoli ndi laulere. Musadikire kalata ya kupolisi kuti mupite. Pitani, za kupolisi zitsatira.

Ndikudziwa kuti wogwiriridwa amafuna kusamba msangamsanga kuti achotse chilichonse cha munthu uja pathupi pake. Ngati angapirire, asasambe kaye mpaka adokotala amuone. Zovala zimene anavala, kabudula wamkati ndi chitenje chomwe, musachape. Zikulungeni m'pepala loyera, osati m'jumbo, chifukwa pulasitiki imasunga chinyezi n'kuwononga umboni. Koma ngati wasamba kale, kapena papita sabata, apitebe. Matenda ena opatsirana amachizika, mabala amalembedwa, ndipo lipoti la dokotala limakathandiza kukhoti.

Pa zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre pali malo otchedwa Chikwanekwane, pomwe achipatala, apolisi ndi a zosamalira anthu amapezeka pamodzi, kuti munthu asamazungulire maofesi akufotokoza zowawa zomwezo kambirimbiri. Kumene malowa kulibe, ku polisi kuli nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza yotchedwa Victim Support Unit. Ngati simukudziwa poyambira, imbani mwaulere pa 116 ikakhala nkhani ya mwana, kapena pa 5600 pa nkhanza zochitikira amayi ndi abambo. Inde, abambo ndi anyamata nawonso amagwiriridwa, ndipo manyazi amawatseka pakamwa kuposa wina aliyense.

Tsopano za kubwalo la amfumu. Mafumu athu timawalemekeza, ndipo pa milandu ya malire a munda kapena mbuzi yolowa m'dimba amatithandiza. Koma kugwiririra ndi mlandu waukulu umene amaweruza ndi makhoti a boma okha, ndipo malamulo a dziko lino amalola chilango chofika pa kukhala kundende moyo wonse. Nkhuku, mbuzi kapena ndalama zimene banja la wolakwa limabwera nazo usiku sizifafaniza mlanduwo. Chimene zimachita ndi kugula chete wa mwana, pamene munthu uja akuyendabe m'mudzi momwemo, n'kumakumana naye panjira ya kuchitsime. Zoti "angomukwatira basi kuti tichotse manyazi" ndiye zoipitsitsa. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo sangalowe m'banja ngakhale makolo atavomera.

Nkhani imavuta kwambiri wolakwa akakhala wa m'nyumba momwemo, bambo womupeza kapena malume amene amalipira sukulu fizi. Mayi amaganiza za ufa wa mawa, ndipo sindimuweruza. Komabe lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limapatsa khoti mphamvu yolamula wochita nkhanza kuti asayandikire wodandaula, ngakhale kutuluka m'nyumbamo. A ofesi ya zosamalira anthu ya m'boma lanu angathandize kupezera mwana malo otetezeka.

Mlandu ukafika kukhoti, wozenga ndi boma, choncho simulipira loya. Mukhoza kupempha kuti umboni wanu umvedwe popanda chigulu cha anthu. Woganiziridwa akatuluka pa belo sizitanthauza kuti mlandu watha. Akayamba kukuopsezani kapena kutumiza anthu odzakunyengererani, kauzeni wapolisi amene akufufuza nkhaniyo tsiku lomwelo. Lembani dzina la wapolisiyo ndi nambala ya mlandu m'kope, musunge pamodzi ndi mapepala a kuchipatala.

Palinso mwayi wosumira chipukuta misozi, ndipo a Legal Aid Bureau amathandiza amene sangakwanitse loya. Ngakhale wolakwa atavala yunifolomu, njira ilipo. Mu 2020 khoti lalikulu ku Lilongwe linalamula kuti amayi ndi atsikana 18 a ku Msundwe, Mpingu ndi M'bwatalika apatsidwe chipukuta misozi pa nkhanza zimene apolisi anawachitira mu 2019, bungwe la maloya achizimayi litawaimira.

Inu amene mwauzidwa nkhaniyi poyamba, kaya ndinu mayi, mphunzitsi kapena mnzake, musamufunse kuti anavala chiyani kapena ankatani kumeneko usiku. Muuzeni kuti mwamukhulupirira ndi kuti si kulakwa kwake. Kenaka funani ya kabaza, mumuperekeze.