Masiku anayi pagalimoto kumadzulo kwa Norway: yambani ndi viza, chepetsani mtunda

Ambiri a ife amene tili ku Britain ndi ku Ireland tchuthi chachitali timasungira ulendo wakumudzi, ndipo n'zoyenera. Koma pamatsala timasiku tinayi kapena tisanu tosakwanira kupita ku Lilongwe n'kubwerako. Timasiku timeneti n'tokwanira kukaona kumadzulo kwa Norway, kumene nyanja yamchere imalowerera kutali pakati pa mapiri ataliatali, malo amene eni ake amawatcha fjord. Ndege yochoka ku London imatera ku Bergen patatha pafupifupi maola awiri. Mukakhala anayi m'galimoto imodzi n'kumasonkherana za mafuta ndi malo ogona, ulendowu sufuna kuti mukhale mpondamatiki.

Musanagule tikiti ya ndege, yang'anani pasipoti. Norway si membala wa European Union koma ili m'gulu la maiko a Schengen, amene amagwiritsa ntchito viza imodzi, ndipo pasipoti ya Malawi imafunika viza. Chilolezo chanu chokhala ku Britain kapena ku Ireland sichilowa m'malo mwa viza imeneyi, ngakhale mutakhala kuti munakhazikikako kalekale. Apa ndi pamene abale ambiri amatayira ndalama, chifukwa amayamba n'kulipira ndege yotchipa, kenako n'kupeza kuti tsiku lokapereka mapepala lili kutali. Malamulo amalola kupempha viza kutatsala miyezi isanu ndi umodzi, choncho ulendo wa mu Julaye uyambeni kukonza mu Malichi. Mtengo wa viza ya munthu wamkulu unafika pa mayuro 90 mu 2024, kuphatikiza apo pali ndalama ya ofesi yolandira mapepala. Adzafunanso inshuwalansi ya chipatala yofika mayuro 30,000, umboni wa kumene mukagone usiku uliwonse, ndi pasipoti yokhala ndi miyezi itatu yotsala kuchokera tsiku lotuluka. Onetsetsaninso kuti chilolezo chanu chobwerera ku Britain sichikuthera panjira. Amene munatenga pasipoti ya Britain kapena ya Ireland simufunika viza.

Laisensi ya ku Britain kapena ya ku Ireland imagwira ntchito bwinobwino. Ngati mukadali ndi ya ku Malawi, lemberani kampani yobwereketsa galimoto musanalipire, ndipo yankho lawo likhale lolembedwa, chifukwa ena amafunanso laisensi yoyendetsera m'maiko akunja. Chikole amachigwira pa khadi la kirediti lokhala m'dzina la woyendetsa weniweniyo, osati la mlamu wanu amene wakhala kumbuyo. Lembetsani madalaivala awiri. Ndipo ngakhale muli katswiri wa magiya, tengani galimoto ya otomatiki. Ife tinazolowera kuyenda kumanzere, kwathu ngakhalenso ku Britain, pamene ku Norway amayenda kumanja ndipo chiwongolero chili kumanzere. Maganizo anu onse akhale pamsewu, osati pofufuza giya ndi dzanja losazolowera. Magalimoto amagetsi ndi ochuluka kwambiri kumeneko, moti mwa magalimoto atsopano khumi amene anagulitsidwa mu 2024, pafupifupi asanu ndi anayi anali amagetsi. Ngati simunayendetsepo yotere, nenani poyera kuti mukufuna ya petulo.

Tsopano nkhani yaikulu, imene ndikupemphani kuti muimvetse: makilomita a ku Norway amanyenga. Pamapu, mtunda wa makilomita 150 umaoneka ngati wa ola limodzi ndi theka. Koma kunja kwa matauni liwiro lololedwa nthawi zambiri ndi makilomita 80 pa ola, m'matauni 50, ndipo msewu umakhotakhota m'mbali mwa madzi, pena n'kupapatiza moti magalimoto awiri sangapatukirane. Munthu amene akufuna kuona Oslo, Bergen, Geiranger ndi Lofoten m'masiku anayi amabwerako ataona phula lokhalokha, thupi lili lefu. Sankhani dera limodzi laling'ono, muzungulire n'kubwerera pamene munayambira. Kubweza galimoto mumzinda wina kumawonjezeranso ndalama zambiri.

Njira imene ndingakulangizeni imayambira ndi kuthera ku Bergen, ndipo simufunika kukwera pantoni paliponse. Tsiku lofika musatenge galimoto. Sitima ya Bybanen imachoka pabwalo la ndege la Flesland mpaka pakati pa mzinda, ndipo nyumba zakale zamatabwa za ku Bryggen ndi phiri la Fløyen mumaziona wapansi, popanda kulipira malo oimika galimoto. Jekete ya mvula ikhale pafupi, pakuti ku Bergen mvula imagwa masiku oposa 200 pachaka.

M'mawa mwake tengani galimoto mulowere ku Norheimsund. Musanalowe m'tauniyo pali mathithi a Steinsdalsfossen, amene ali ndi kanjira kodutsa kuseri kwa madzi, ndipo ana amakondwa nawo kwambiri. Kuchoka apo msewu umatsata Hardangerfjord, dera la minda ya maapozi, mpaka pa mlatho wa Hardanger umene unatsegulidwa mu 2013, wotalika mamita 1,380. Chenjerani, chifukwa musanakwere mlathowo mumapeza raundabauti mkati mwa tanelo, pansi pa phiri, ndipo foni imatha kusokonezeka pamenepo. Werengani zikwangwani zolozera ku Eidfjord. Kupitirira Eidfjord msewu umakwera chigwa cha Måbødalen mpaka pa Vøringsfossen, pamene madzi amagwa mamita 182. Gonani ku Eidfjord komweko.

Tsiku lachitatu bwererani pamlatho, mudzere ku Voss ndi ku Gudvangen mpaka ku Flåm kapena ku Aurland. Ndi ulendo wa maola awiri okha, ndipo ndauchepetsa dala kuti masana mukwere boti pa Nærøyfjord, fjord yopapatiza imene bungwe la UNESCO linaiika m'kaundula wake mu 2005. Matikiti ake gulani pa intaneti kukadali nthawi, popeza sitima zikuluzikulu za alendo zikakocheza ku Flåm malo amatha msanga.

Ngati pali tsiku loyenera kudzuka m'mamawa, ndi lachinayi. Kuchokera ku Aurland kupita ku Lærdal kuli njira ziwiri, ina pamwamba pa phiri, ina pansi pake. Yapamwamba ndi Aurlandsfjellet, makilomita 47, umodzi mwa misewu 18 imene boma la Norway linaipatula chifukwa cha kukongola kwake. Mukangokwera pang'ono mumafika pa Stegastein, khonde lamatabwa lotulukira kunja mamita 30, lili mamita 650 pamwamba pa madzi. Kamsewu kokwerera kumeneko n'kopapatiza zedi. Zikwangwani zobiriwira ngati thambo zolembedwa M zimasonyeza malo opatukirana, ndipo si malo oimapo kujambula zithunzi. Mukafika isanakwane 9 koloko, mabasi amakhala asanayambe kudzaza. Pamwamba pa phiri chipale chofewa chimakhalabe m'mbali mwa msewu ngakhale pakati pa chilimwe, ndipo nthawi yozizira msewuwu amautseka mpaka cha kumayambiriro kwa Juni. N'chifukwa chake ulendowu ndi wa pakati pa Juni ndi Seputembala. Potsika gwiritsani magiya otsika monga timachitira pa Khwekhwerere potsikira ku Golomoti, mabuleki asapse. Mukafika ku Lærdal mukhoza kupatukira ku Borgund kukaona tchalitchi chamatabwa chimene chakhala chiliri zaka zoposa 800. Pobwerera lowani tanelo ya Lærdal, ya makilomita 24.5, imene inatsegulidwa mu 2000. Mkati mwake anasemamo mapanga atatu aakulu owala mosiyana ndi kwina konse, kuti woyendetsa asaodzere. Kuchoka ku Aurland kubwerera ku Bergen pamsewu wa E16 werengerani maola atatu, choncho ndege yobwerera ikhale ya mawa lake.

Malamulo a pamsewu satengera kuti ndinu mlendo. Nyali zakutsogolo zimayaka usana ndi usiku. Malire a mowa m'magazi ndi 0.02 peresenti, kutanthauza kuti woyendetsa asalawe n'komwe, ndipo amene anamwa kwambiri usiku asagwire chiwongolero m'mawa. Chindapusa cha liwiro n'chowawa moti chingathe kuposa mtengo wa ndege. Pamphambano yopanda chikwangwani, wochokera kumanja kwanu ndiye amayamba kudutsa. Ana osafika masentimita 135 amafunika mpando wawo. Pamatologeti simuima: makamera amawerenga nambala ya galimoto, kampani n'kudzakudulani pakhadi pambuyo pake, choncho siyani kangachepe mu akaunti. Nkhosa zimagona pamsewu m'mapiri, ndipo mukagunda chiweto kapena nyama yakuthengo muyenera kudziwitsa apolisi pa 02800. Pangozi, apolisi ndi 112, ambulansi 113. China chimene chimapusitsa alendo ndi dzuwa. Mu Juni limalowa cha m'ma 11 koloko usiku, munthu n'kumangoyendetsabe osazindikira kuti watopa. Ikani ola loimitsira galimoto, mulisunge.

Chimene chimadya ndalama kwambiri ku Norway ndi chakudya cha m'malesitilanti. Njira yozembera ndi kugona m'tinyumba tamatabwa totchedwa hytte, timene timapezeka m'malo a kampu, tambiri tili ndi mbaula ndi mapoto. Funsani ngati zofunda zili pamtengo womwewo, chifukwa ena amalipiritsa padera. Ufa wa nsima ndi mthiko zimakwana m'chikwama, koma nyama ndi zamkaka zochokera ku Britain siziloledwa kulowa. Ndiwo mukagula ku Rema 1000, Kiwi kapena Extra, ndipo mugule Loweruka, chifukwa Lamulungu masitolo aakulu ambiri amakhala otseka. Madzi a pampopi ndi abwino kumwa. Ndalama yawo ndi krone, osati yuro, koma khadi limalandiridwa pafupifupi paliponse, choncho musavutike n'kusintha zambiri.

M'mawa uliwonse musananyamuke, onani zanyengo pa pulogalamu ya pafoni ya Yr ndi za misewu yotsekedwa pa pulogalamu ya Vegvesen trafikk, chifukwa matanelo ena amawatseka usiku pokonza ndipo njira yolambalala ikhoza kukudyerani maola. Pobweza galimoto thirani mafuta pafupi ndi Flesland, sungani lisiti, ndipo ijambuleni mbali zonse monga munachitira poitenga.