Wotulutsidwa pansi pa chipupa apite kuchipatala tsiku lomwelo

Mvula ikalimbikira, zipupa za njerwa zosawotcha zimanyowa kunsi n'kugwera anthu ali m'tulo. Ena amakwiririka m'maenje a mchenga kapena a golide, ena ngolo imawagwera pamwendo. Mu 2023 namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche n'kukwirira anthu ku Chilobwe. Ine nkhawa yanga ili pa nthawi imene munthu watulutsidwa kale, akulankhula bwinobwino, ndipo achibale akuti, “Wapulumuka, akapume kunyumba.”

Musamulole akagone. Minofu ikapsinjika kwa ola limodzi kapena kuposerapo imayamba kufa. Cholemera chija chikachotsedwa, magazi amabwerera m'mwendomo n'kukokolola zoipa zochokera m'minofu yakufayo. Mwa zoipazo muli mchere wa m'thupi wotchedwa potaziyamu, umene ukachuluka umatha kuimitsa mtima, komanso zina zimene zimakatseka impso. Kunja mungaone mikwingwirima yokha, pamene m'kati impso zayamba kulephera.

Mkodzo ndiwo umaulula. Mukodzetseni m'botolo loonekera, muliyang'ane padzuwa. Ukakhala wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, kapena ukamatuluka pang'ono chabe, impso zili pangozi. Gwiraninso mwendowo. Ukatupa n'kulimba ngati chipika, ukuchita dzanzi, ululu wake ukuposa bala limene mukuliona, ndiye kuti kutupako kwapana misempha ya magazi. Pamenepo pamafunika dokotala ang'ambe mwendowo kuti minofu ipume, ndipo mukachedwa maola ochepa chabe, munthu amatha kudulidwa mwendo.

Pomupulumutsa, yambani mwachirikiza chimene chatsala kuti chisagwerenso inu, kenaka mutulutseni msanga. Ngati wakhala pansipo nthawi yaitali ndipo azaumoyo afika, aloleni amuike diripi musanachotse cholemeracho. Ngati ali maso, akumeza bwino ndipo sanavulale pamimba, mupatseni madzi amwe pang'onopang'ono m'njira. Pamene pakutuluka magazi, dinikizani ndi nsalu yoyera.

Chonde, amayi ndi abambo, musathowe mwendowo ndi madzi otentha, musausisite, musauteme mphini. Ndikudziwa kuti timachita zimenezi chifukwa cha chikondi, koma zimawonjezera kuwonongeka. Mapiritsi a bufeni ndi diclofenac musamupatse, chifukwa amalemetsa impso zimene zavutika kale.

Mukafika kuchipatala, nenani msanga chimene chinamugwera ndi maola amene anakhala pansi pake, pakuti madzi a m'diripi akaperekedwa msanga amatsuka impso zisanatsekeke. Zikatsekeka, wodwala amafunika makina osefa magazi, ngati aja a ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo kwa munthu wa kumudzi umenewo ndi ulendo wautali. Botolo la mkodzo lija musalitaye, pitani nalo mukawaonetse adokotala.